Mkamwini M'jekete la Eni

"Amayi, kodi atate anawalakwira chiyani agogo?"

Natalia anafunsa funso limeneli akali kamwana kogweluka mano akutsogolo. Anali ataona atate ake, a Jonasi, akuchokera kudimba ndi mtolo wa nzimbe paphewa, n'kupatukira mwadzidzidzi m'tchire la chisoso chifukwa kutsogolo kunkabwera agogo ake, aNambewe. Nawonso aNambewe anafulatira njira, nafunda nsalu kumutu, naima chilili mpaka nzimbe zija zitapitirira.

Amayi ake, a Tabita, anaseka. "Sanalakwirane, mwanawe. Ndi ulemu umenewo. Mkamwini ndi apongozi ake sayang'anana."

"Mpaka liti?"

"Ukakula udzaona."

Anakuladi, koma chimene anaona n'chakuti palibe chinasintha. M'midzi yathu ya kuno ku Nambuma manyazi otere sakhala mpaka kalekale. Pakabadwa mwana mmodzi kapena awiri, ankhoswe amapangana tsiku, mkamwini n'kubwera ndi nkhuku, apongozi n'kuiphika, awiriwo n'kukhala pa mphasa imodzi n'kupatsana moni. Kuyambira tsiku limenelo amalankhulana ngati anthu. Koma nkhoswe ya a Jonasi inapita ku Joni Natalia akali kumsana, ndipo inatchona. A Jonasi anadikira kuti akuchikazi ayambitse nkhaniyo. ANambewe anadikira kuti nkhuku ifike, pakuti nkhuku sichokera kwa apongozi. Onse awiri anali anthu odziwa kudikira.

Si kuti sankamvana ayi. Denga la aNambewe likayamba kudontha, iwo ankaima pabwalo n'kuuza nkhuku zawo mokweza kuti, "Nkhuku inu, mvula yalowa m'nyumba dzulo." A Jonasi, ali kuseri kwa nkhokwe, ankauza galu wawo kuti, "Galu iwe, mawa tipita kukamweta udzu." Mawa lake denga linkafoleredwa. Ziweto za pakhomo pamenepo zinamva milandu yambiri kuposa ankhoswe a m'mudzi monse.

Tsono m'chaka cha 1956, fodya atagulitsidwa, Natalia anayenera kunyamuka. Mwamuna wake, Mathias, anali atapeza ntchito ndi nyumba ku migodi ya malasha ku Wanki, ndipo akuluakulu analola kuti mkazi atsatire mwamuna wake. Nthawi yomweyo kunamveka kuti mnyamata wina wa ku Lilongwe, dzina lake Dyson, adzafika ku mishoni Lamulungu ndi makina ojambulira.

Natalia anatula nkhaniyo masana ena akuswa mtedza pakhonde ndi makolo ake.

"Ndikufuna chithunzi choti ndipite nacho. Mukhale inu atate, amayi, ndi agogo."

A Jonasi anasiya mtedza uli m'manja. "Ujambulitse ziwiri. China cha ine, china cha agogo ako."

"Fodya wa chaka chino angalole ziwiri, eti?" anatero a Tabita osadzutsa mutu.

"Ngakhale akanalola, ine sindifuna," anatero Natalia. "Anthu a ku Wanki akandifunsa kuti kwanu kuli yani, ndizikatulutsa mapepala awiri ngati ndinabadwa kawiri? Ndiponso agogo maso akutha, miyendo ikutha. Wanki si ku Nsaru koti munthu angabwere pa njinga kudzazonda matenda. Ndikufuna ndizikakuonani muli pamodzi, popeza ndi maso angawa sindinakuonenipo."

A Jonasi anayang'ana galu, koma nkhani iyi sinali ya galu. Mwana wawo wamkazi anali mmodzi yekhayu, ndipo anali asanawapemphepo kanthu kovuta.

Nzeru inachokera kwa a Rodwell, mnansi wawo wa nyumba yoyang'anana nayo. A Rodwell anali mdzukulu wa akulu awo a aNambewe, motero mwa chibale chathu aNambewe anali agogo awo, ndipo awiriwo ankaseleulana monga achitira agogo ndi mdzukulu: uyu "akazi anga," uyo "amuna anga." Anali atabwerako ku Joni ndi zinthu ziwiri zimene mudzi wonse unkazidziwa bwino kuposa nkhope ya mwini wake: jekete lofiirira la mizeremizere ndi chipewa chachikulu chophimba mpaka pa nsidze. Jeketelo linafika pa ukwati uliwonse ndi ubatizo uliwonse, kaya kuzizire kaya kutenthe. Kubwereketsa sankabwereketsa. Ankati jekete lili ngati galu, likazolowera fungo la munthu wina silikumveranso.

"Nkhani yochepa iyi," anatero a Rodwell. "Akazi anga akhale pa mpando kumapeto uku. Ine ndiime pambali pawo ngati khoma. Kenaka Natalia, kenaka amake, inu a Jonasi kumapeto uko. Aliyense ayang'ane makina. Ndani wayang'ana mnzake pamenepo?"

Natalia anakafotokozera agogo ake, ndipo anavomera. Chinatsala ndi zovala, ndipo apa ndi pamene panagona ntchito.

Masiku onse otsatira pakhomo pa a Jonasi panali ngati pa sitolo ya Mmwenye. A Tabita anatulutsa m'bokosi nsalu zawo zonse, nayanika pa udzu wa bafa kuti fungo la utsi lichoke. Anafuna kuvala chilundu chawo cha maluwa achikasu, Natalia anafuna kuti avale diresi.

"Diresi limenelo limandifinya m'khwapa," anatero a Tabita. "Ukufuna anthu a ku Wanki aziti amako anabadwa manja ali m'mwamba?"

"Pajatu simulivala nthawi yaitali, amayi. Akuti munthu amangoima pang'ono, basi."

"Pang'ono pako ndi pa Misa pomwe? Ndikakomoke pa pemphero la Kredo chifukwa cha chithunzi?"

Anagwirizana za chilundu, nayamba kukangana za duku. ANambewe okha ndiwo sanavute. Anati adzavala nsalu yawo yakuda ya biriwita, mikanda yoyera m'khosi ndi korona wopempherera pamwamba pake, ndipo wosafuna asajambule. Koma za zovala za anthu ena anali ndi mawu. Lachinayi m'mawa a Jonasi akusema mpini kuseri kwa nkhokwe anamva apongozi awo akuwaza gaga pabwalo.

"Nkhuku inu, ndamva kuti kuli kujambulana. Mukaona munthu wa malaya a kaki, aja a chigamba cha thumba la mchere kumsana, mumuuze kuti mdzukulu wanga sakupita ku Wanki kukagulitsa mchere."

A Jonasi anatsokomola. "Galu iwe, chigamba chili kumsana. Makina amajambula kumaso."

"Nkhuku inu, enafe timadziwa kumsana kokha. Kumaso sitinaonetsedweko."

Galu sanapatsidwe yankho. Nkhani ya malaya a kaki inathera pomwepo.

A Jonasi anayesako jasi la usilikali limene mchimwene wawo anabwera nalo ku nkhondo. Linawafika m'mapazi, ndipo mphemvu ziwiri zinatuluka m'thumba kudzaona kunja.

"Atate a Natalia," anatero a Tabita, "mukukajambulitsa kapena mukukalondera sitolo?"

Anatsala malaya oyera a Lamulungu, okalamba koma athunthu. Natalia anawachapa ndi sopo weniweni, nabwereka simbi ya makala kwa akazi a aphunzitsi kuti asitidwe m'mawa wa tsikulo.

Lamulungu aNambewe analawirira ku tchalitchi ndi amayi anzawo, pakuti miyendo yawo inkafuna nthawi. Kunyumba a Tabita anayala malaya pa mphasa nayamba kusita. Simbi ya makala anali asanaigwirepo, ndipo pakati pa ntchitoyo Natalia anatulukira ndi duku lobiriwira m'malo mwa lofiira limene anapangana. Mkangano unayambiranso. Pamene fungo linawafika m'mphuno, khala linali litagwa kale pa malaya, n'kuboola pachifuwa bowo loti dzira n'kulowa.

A Jonasi anawanyamula, nasuzumira pabowopo, naona mkazi wawo ndi mwana wawo ali kakasi.

"Chabwino," anatero. "Pitani inu. Agogo ako ndi amako akwana."

Natalia sanalire mokweza. Anangokhala pansi pakhonde, duku lili m'manja, misozi ikugwera pa diresi lositasita. A Rodwell, amene anali atatuluka kale m'nyumba mwawo atavala zonse, anaona zimenezi ali pakhomo pawo. Anabwera, nayang'ana bowo, nayang'ana Natalia, nayang'ana kumwamba nthawi yaitali ngati munthu amene akutsazikana ndi ng'ombe yake. Kenaka anavula jekete.

"Valani malayawo, ili pamwamba. Mumange mabatani onse, bowo libisala. Musakweze manja, musatsamire mtengo, ndipo mukafuna kuyetsemula muyambe mwavula."

"A Rodwell, jekete lanu lija losamvera anthu ena?"

"Lero limva. Tengani ndi chipewa chomwe, siliyenda lokha."

Msinkhu wa amuna awiriwa unali umodzi, ndipo jekete linakhala ngati linasokedwera a Jonasi. A Tabita anawazungulira kawiri. "Kodi bambo, mwawaonako amuna anga? Anali pompano, ovala zigamba."

"Nanga khoma lija?" anafunsa a Jonasi.

"Khoma ndine, si jekete," anatero a Rodwell. Ndipo poti belu loyamba linali litalira, anathamangira ku tchalitchi. Palibe anakumbukira kuti aNambewe sanauzidwe za jekete, ndipo m'tchalitchi amuna amakhala mbali yawo, akazi mbali yawo.

Misa itatha, Dyson anaimika makina ake a miyendo itatu pabwalo, namangirira chinsalu chachikulu pakati pa mitengo iwiri ya bulugamu. Pachinsalupo panali pojambulidwa nyumba yosanja ndi masitepe, kuti aliyense aoneke ngati ndi kwawo. Anthu anali ambiri, mnyamatayo anali wachangu ndi wolamula monga achitira a m'tauni, ndipo mphepo ya mwera inkakuntha chinsalu chija mpaka nyumba yosanja inkagwada. Pofika nthawi ya banja la a Jonasi chingwe cha m'munsi chinaduka.

"Inu a malaya inu!" anaitana Dyson, akuloza a Rodwell. "Pitani kuseri mukagwire nsalu m'munsimo. Gwirani zolimba!"

Chibwerere ku Joni, a Rodwell anali asanatchedwepo "a malaya." Mwina n'kudabwa komweko kumene kunawayendetsa. Anazungulira kuseri akunena kuti, "Ndibwera pompano," nagwada, nagwira chinsalu ndi manja awiri.

Dyson anakhazika aNambewe pa mpando pakati penipeni. Anakokera Natalia kumanzere kwawo, a Tabita pambali pake. Kenaka anatembenukira a Jonasi, amene anali ataima patali, chipewa atachitsitsa mpaka pamphuno.

"Bambo a jekete, bwerani apa, kumanja kwa agogo. Jekete lotere silikhala kumapeto."

A Jonasi anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma apongozi anali pomwepo, ndipo galu anali atatsala kumudzi. Anayang'ana kuchinsalu, naona zala za a Rodwell zokha. A Tabita anali ataluma nsonga ya chilundu. Natalia anangowayang'ana atate ake ndi maso aja anali nawo pakhonde m'mawa.

"Bambo, dzuwa silidikira, ndipo anthu ali pamzere."

A Jonasi anaponda kamodzi, kawiri, ngati munthu wowoloka mtsinje wodzaza, naima pambali pa mpando. Chikhalire m'mudzi muja, anali asanafikepo pafupi chotero. Anamva fungo la fodya wa m'mphuno ndi mafuta a nsatsi.

Dyson analowetsa mutu m'kansalu kakuda ka makina ake nayamba kupotokola. Pamenepo dzanja la aNambewe linakwera, nipapasa mkono wa jekete, nizindikira mizere yake, nigwira zolimba.

"Amuna anga, mwachedwa kuti? Mumafuna andijambule ndekha ngati mbeta?"

Thukuta linatsika m'chipewa. A Jonasi anayang'ana makina monga munthu ayang'ana dokotala wozula mano.

"Mwakhala chete bwanji lero? Mwaona atsikana a kwaya, eti? Tandiuzani, mkamwini wanga ali kuti? Waima kumapeto uko ngati mlendo wa pamaliro? Wavala chiyani? Musandiuze kuti mchere uja."

Kuseri, nyumba yosanja inayamba kunjenjemera, ndipo sinali mphepo.

"Gwirani nsalu inu!" anakuwa Dyson ali m'kansalu.

ANambewe anapitiriza, mawu atatsitsa pang'ono, koma osati kwambiri, pakuti makutu awo anali olemera ndipo ankayesa kuti onse ndi otero. "Munthu uja ine amandidabwitsa. Zaka zonsezi denga langa silidontha, nkhokwe yanga sipendama, chaka cha njala chija anayenda mpaka ku Kabudula kukandisumira. Koma nkhuku imodzi yokha yamukanika. Kodi amayesa ndimaluma? Mano ndilibe ine. Mwana uyu akupita, ine ndatsala pang'ono. Ndidzafa ndisanamve moni wake, ndingomva akucheza ndi galu. Inu amuna anga, simungamunong'oneze?"

"Musagwedezeke tsopano!" anatero Dyson. "Agogo, tsekani pakamwa. Bambo a jekete, kwezani chipewa, tione maso."

A Jonasi anakweza chipewa ndi chala chimodzi. Makina anati thapu.

Amene anachiona chithunzicho pambuyo pake amati chinatuluka bwino koposa zonse za tsiku limenelo. ANambewe akhala mowongoka, akumwetulira, atakolowekera dzanja pamkono wa mkamwini wawo. Natalia akuseka ndi misozi yomwe. A Tabita nkhope yatupa ndi kuletsa phwete. A Jonasi aima ngati msilikali, maso ali tong'o. M'munsi mwa masitepe a nyumba yosanja mukuoneka zala.

"Mwatha, a malaya, siyani nsalu," anatero Dyson.

A Rodwell anatulukira akukwawa, akupukuta misozi ndi mkono. "Akazi anga! Ndangopotoloka pang'ono, mwapeza kale wina?"

ANambewe anatembenukira kumene kunachokera mawu. Kenaka anatembenukira mkono umene anagwira. Anautsatira ndi maso pang'onopang'ono kukwera kuphewa, kukolala, mpaka pachibwano, n'kuutaya ngati agwira mphika wamoto.

"Mayo ine! Tabita! Wandionetsa zotani mwana iwe!"

Nsalu ya biriwita inakwera kumutu. A Jonasi anali atafika kale ku mabulugamu, chipewa chili m'manja, ndipo amati sanayetsemule, sanatsamire mtengo, koma pa liwiro pokha anaiwala kuti jekete ndi la eni. Bwalo lonse la tchalitchi linagwa ndi phwete, mpaka asisitere anasuzumira pawindo.

Pali ena mpaka lero amene amati aNambewe anadziwa kuyambira pachiyambi. Amati munthu amene anaona chigamba cha mchere ali kutsidya kwa bwalo sangalephere kusiyanitsa amuna awiri ali pamphuno pake. Ena amati ng'ala inali itaphimbadi maso awo, ndipo munthu amene sunamuyang'anepo kumaso ungamudziwe bwanji atavala za wina? A Tabita akafunsidwa ankangoti, "Amayi anga ndi amayi anga." Mlandu umenewu ndi wovuta kuugamula, ndipo mwina sufuna kugamulidwa.

Chimene chinali chodziwika n'chakuti madzulo a tsikulo aNambewe anadzitsekera m'nyumba, nauza a Tabita kuti sadzatulukanso pabwalo mkamwini ali m'mudzi, ngakhale tsiku loperekeza Natalia. Dzuwa litapendeka a Jonasi anawoloka bwalo, jekete atalipinda bwino pamanja, chipewa pamwamba. Anapeza a Rodwell atakhala pakhonde.

"Mwabwera, amuna anzanga?" anatero a Rodwell. "Khalani pansi tikambirane za mitala."

"Musaseke, a Rodwell. Zinthu zaipa. Akuti satuluka. Mwana adzanyamuka wopanda agogo ake pamsewu, kapena wopanda ine. Chithunzi wapeza, koma ndamuonongera tsiku."

A Rodwell analandira jekete, nalinunkhiza, naliika pa mwendo. "Mwaononga chiyani? Munamva zimene ananena?"

"Ndinamva. Sizinali zanga kumva."

"Zinali za yani, za jekete? Ine ndinali kuseri, ndinamva zonse, ndipo ndinatumidwa kuti ndikunong'onezeni. Ndiye ndikunong'onezani: a Jonasi, nkhuku."

A Jonasi anafukula dothi ndi chala cha kuphazi. "Nkhuku ilipo. Tambala wofiira uja. Anakhalapo ambiri amene ndinasungira mwambowu, ena anafa ndi ukalamba, ena ndi chitopa. Koma nkhuku siyenda yokha. Ndani akaipereke? Kwathu kunatsala ndani woti n'kukhala nkhoswe?"

"Ine."

"Inu ndinu akuchikazi."

"Munthu amene wavala thukuta langa tsiku lathunthu ndi m'bale wanga. Lero ndine wakuchimuna. Akakana, ndikawauza kuti ndikawasiya ukwati chifukwa cha zimene ndaona ndi maso anga pa tchalitchi."

A Jonasi anayesa kuletsa, koma kuseka kunawatulukira m'mphuno. Kenaka nkhope inabwerera mwakale. "Nanga pa mphasapo ndikanene chiyani? Zaka zonsezi, munthu n'kuyamba ndi mawu ati?"

"Mukati, 'Muli bwanji, amayi?' Zotsalazo akanena okha. Mwaona kale kuti mawu sawasowa."

"Ndipo za 'amuna anga' zija, musakazitulutse pa mowa."

"Chimenecho chokha musandipemphe, a Jonasi, ndingakunamizeni. Koma ichi ndilonjeza: mawa mbuzi zisanatuluke m'khola ndidzakhala nditagwada pakhomo pawo, ndipo sindidzadzuka mpaka atatchula tsiku, Natalia asananyamuke. Inu lonjezani kuti tsikulo simudzathawira ku mabulugamu."

A Jonasi anatambasula dzanja, lamanzere litagwira mkono wamanja.

"Ndalonjeza. Ndidzakhala pansi, ndipo moni ndidzayamba ndine."